Kuchulukitsa nyumba mkati mwa mzinda wa Lilongwe

Kuchulukitsa nyumba mkati mwa mzinda ndi njira yomanga nyumba zatsopano pa malo opanda kanthu kapena pa mapuloti aakulu amene ali kale pakati pa nyumba zina, m'malo motsegula malo atsopano kunja kwa mzinda. M'Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975.

Mbiri

Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linakonza Lilongwe ngati mzinda wa mitengo: madera otalikirana, okhala ndi manambala, pakati pake nkusiya tchire ndi madambo. Ku Area 10 ndi Area 43 mapuloti ndi aakulu, pamene ku Kawale, Chinsapo ndi Mtandire anthu ndi othithikana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu. Osowa malo amakagula minda kunja, monga kumpoto motsatira msewu wa M1 cha ku Lumbadzi, kufupi ndi malire a boma la Dowa. Minda ya chimanga imasanduka mapuloti, ndipo ulendo wa pa minibasi wopita kuntchito umatalika.

Mitundu ya nyumba

Akatswiri okonza mizinda amajambula puloti imodzi kangapo, pa pepala kapena pa kompyuta, kuti eni malo aone kusiyana kwake. Chojambula china chimaonetsa nyumba yaikulu ndi kanyumba ka lendi kuseri, china nyumba ziwiri zogundana khoma, china mdadada wa nyumba zinayi, china nyumba yosanja kawiri kapena katatu. Chojambula chabwino sichionetsa makoma okha. Chimaonetsanso kumene mthunzi ugwere, poimika galimoto, poyanika zovala, mitengo imene itsale ndi kumene madzi a mvula alowere. Anthu ambiri akamva za nyumba zosanja amaganiza za nyumba zazitali za ku City Centre, koma nyumba yosanja kawiri nthawi zambiri siposa mtengo wa m'bawa waukulu.

Kanyumba ka kuseri ndi kofala kale mu mzindawu, ngakhale ena amamanga popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo.

Pafupi ndi nkhalango

Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango yotetezedwa ya Lilongwe Nature Sanctuary, momwe mumadutsa mtsinje wa Lingadzi. Kukhala pafupi ndi malo otere nkwabwino kwa mabanja opanda bwalo lalikulu, koma apa mpamene pamafunika kusamala. Malenga ndi simenti zikachuluka, madzi salowa pansi, amathamangira kumtsinje. Mu 2017 Lingadzi anasefukira nkuononga nyumba ku Mtandire. Vuto lina ndi zimbudzi: madera ambiri amadalira zokumba, ndipo mabanja anayi pa puloti imodzi amadzaza dzenje msanga. Choncho dambo kapena gombe la mtsinje, ngakhale lioneke lopanda kanthu pa mapu, silowerengedwa ngati malo oyenera kuchulukitsapo nyumba.