Mbiri ya Ulangizi wa Malonda kwa Changata

Ulangizi wa bizinesi zing'onozing'ono unafika mochedwa m'dera la Mfumu Changata ku Thyolo, ndipo gwero la kuchedwako ndi nkhani ya malo. M'nthawi ya atsamunda, nthaka yachonde ya bomali inali m'manja mwa maesiteti a tiyi, monga Satemwa imene inayamba mu 1923. Anthu ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata, pomwe masitolo anali a amwenye. Munthu wamba ankadziwa kuthyola tiyi ndi kugulitsa nthochi pamsika, koma za kaundula wa katundu sankazidziwa.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr. Kamuzu Banda litalamula amwenye kuti achoke m'madera akumidzi. Pofika 1978 iwo anali atasamukira m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe. Amalawi amene analowa m'masitolowo ankapikula katundu ku Chipiku, koma ambiri sanakhalitse: ndalama za m'golosale zinkapita ku ndiwo ndi ku maliro, achibale ankatenga sopo pangongole osabweza, mpamba n'kutha. Pofuna kutseka dzenje limeneli, mu 1979 kunakhazikitsidwa DEMATT, bungwe limene alangizi ake ankayendera eni masitolo kukawaphunzitsa kulemba zolowa ndi zotuluka, kuika mitengo ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Mu 1982 kunabwera SEDOM, yopereka ngongole kwa amisiri monga matelala ndi akalipentala, ndipo sukulu ya MEDI ku Mponela inkasula anthu ofuna kuyamba bizinesi zawo. Amayi anapeza bwalo lawo mu 1990, Joyce Banda atayambitsa bungwe la amayi ochita bizinesi la NABW.

Komatu maofesi a mabungwewa anali m'matauni, ndipo mlangizi ankafikira msanga mwini golosale wa pamsewu wa tala kusiyana ndi mayi wophika mandasi pachipata cha esiteti. Chikhalirecho mayiyu ndiye anali pavuto lenileni. Malonda a m'dera la tiyi amayendera tsiku la malipiro: antchito amatenga zinthu pangongole n'kudzabweza akalandira, ndipo chilimwe chikafika, masamba n'kuchepa, aganyu amaimitsidwa, ena n'kupita ndi ngongole zija. Kenaka matenda a chisaka anapululutsa nthochi, mbewu imene mabanja ambiri a ku Thyolo ankapezerapo mpamba.

Alimi ang'onoang'ono a tiyi anali ndi alangizi awo kuyambira 1967 kudzera ku Smallholder Tea Authority, ngakhale kuti maphunziro ake ankakhudza munda kwambiri kuposa malonda. Mu 2003 boma linakhazikitsa pulogalamu ya OVOP mothandizidwa ndi dziko la Japan, yolimbikitsa magulu kukonza zokolola zawo asanagulitse. Pambuyo pake DEMATT, SEDOM ndi MEDI zinaphatikizidwa kukhala bungwe limodzi la SMEDI.

Ulangizi waulere umene wafikadi pakhomo ndi wa banki mkhonde. Alangizi a chitukuko ndi mabungwe omwe si aboma amaphunzitsa gulu popanda malipiro: mamembala amagula masheya sabata ndi sabata, mlembi amalemba m'buku, bokosi limatsekedwa ndi maloko atatu, makiyi n'kukhala ndi anthu atatu osiyana. Wobwereka amafotokoza pamaso pa anzake geni imene akufuna kuchita, kaya ndi ya kaunjika kaya ya nandolo, ndipo chiwongola dzanja chimabwerera kwa mamembala omwewo pogawana kumapeto kwa chaka, osati kwa wakatapila.