Kupindika kwa valuvu ya mitral: zizindikiro ndi kapimidwe kake

Valuvu ya mitral ndi kachitseko ka mbali ziwiri kamene kali pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi, kumanzere kwa mtima. Mtima ukamapopa magazi, valuvuyi imayenera kutsekeka ndithu. Mwa anthu ena, mbali imodzi kapena zonse ziwiri zimapindikira m'chipinda cham'mwamba, ndipo nthawi zina magazi amabwerera m'mbuyo. Madokotala amatcha vutoli mitral valve prolapse, ena amati matenda a Barlow, potengera John Barlow, dokotala wa mtima wa ku Johannesburg amene anafotokoza kamvekedwe kake mu 1963.

Vutoli limapezeka mwa anthu 2 kapena 3 pa 100 alionse, ndipo ambiri amakalamba nalo osadziwa. Ena amadandaula kuthamanga mtima, kupweteka pachifuwa, kutopa msanga kapena kubanika, koma zimenezi n'zosadalirika, chifukwa ngakhale kuchepa kwa magazi kumachita chimodzimodzi.

Chizindikiro chenicheni amachimva ndi wopima. Akaika chomvetsera pansi pa bere lakumanzere, amamva kaphokoso kakuthwa koti kha! pamene mtima uli pakati pofinya, ndipo kawirikawiri kamatsatidwa ndi mkokomo wa magazi obwerera. Wodwala akaimirira, kaphokosoko kamamveka msanga, akanyonyomala, kamachedwa. Kupima kotereku sikufuna magetsi, motero nkotheka pachipatala chilichonse chaching'ono. Chotsimikizira ndi sikani ya mtima, imene imaonetsa valuvu itapitirira malire ake ndi mamilimita oposa 2. Wodwala wa ku Balaka kapena wa pachipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde angatumizidwe ku Zomba Central kapena ku Gulupu, ku Blantyre.

Komabe wopima wa kuno asafulumire kunena kuti n'zazing'ono. M'Malawi muno, chimene chimawononga valuvuyi kwambiri mwa ana ndi achinyamata ndi nyamakazi ya mtima, imene imayamba ndi zilonda zapakhosi za mabakiteriya a streptococcus zimene sizinachizidwe. Nayonso imatha kutamula timitsempha togwira valuvu, mbali yakutsogolo n'kupindika. N'chifukwa chake mayi wa mwana amafunsidwa ngati mwanayo anadwalapo pakhosi, kutentha thupi kapena kutupa m'malo olumikizira mafupa. Wa Barlow amene magazi ake sabwerera amangofunika kupimidwanso pakapita nthawi, pamene wa nyamakazi amabayidwa jekeseni wa benzathine penicillin masabata 3 kapena 4 alionse, kwa zaka zambiri.