Malo a mbiri yakale pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo

Nkhani ya malo a mbiri yakale ikayambika, ambiri amathamangira kunyanja: chipilala cha Mfumukazi Victoria ku Mangochi, mtengo wa ku Nkhotakota pomwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe, kapena tchalitchi chachikulu cha pachilumba cha Likoma. Boma la Thyolo silitchulidwa kawirikawiri. Komatu m'timatauni ta Luchenza ndi Makwasa, komanso m'midzi ya mafumu aakulu monga Changata, Kapichi ndi Nchilamwela, muli malo ofotokoza momwe nthaka idachokera m'manja mwa eni ake ndi momwe anthu adavutikira kuti apeze polima.

Maesiteti ndi njanji

Kuyambira mu 1892, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti malo amene azungu ankati adagula kwa mafumu ndi awodi. Malo ambiri otere adasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Ku Thyolo, komwe atsamunda ankalemba kuti Cholo, malo aakulu adagwa m'manja mwa kampani ya British Central Africa Company.

Azunguwo adayamba ndi khofi, kenaka fodya. Tiyi, yemwe adali atakhazikika kale ku Mulanje, adayamba kubzalidwa ku Thyolo cha m'ma 1908, chaka chomwe njanji yochokera kuchigwa cha Shire idafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza. Njanjiyi ndiyo idapangitsa Luchenza kukhala malo a malonda.

Esiteti yodziwika kwambiri kwa alendo ndi ya Satemwa, yomwe Maclean Kay wa ku Scotland adayambitsa mu 1923. Nyumba yakale ya banjali, Huntingdon House, tsopano ndi malo ogona alendo. Banja la Conforzi, lochokera ku Italy, nalo lidatsegula minda yake m'bomali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Thangata

Kalelo, mawu akuti thangata ankatanthauza kuthandizana ntchito pamudzi. Pamaesiteti tanthauzo lake lidasintha: munthu wokhala pamalo a mzungu ankalipira malowo ndi thukuta lake. Mwezi umodzi ankagwira ntchito ya lendi, wina ya msonkho, koma miyezi imeneyi nthawi zambiri inkatalikitsidwa. Choipitsitsa, ntchitoyo inkafunika m'nyengo ya dzinja, pomwe munthu amayenera kupalira chimanga chake. Wokana ankathamangitsidwa pamalopo.

Ambiri mwa omwe adasenza goli limeneli adali Alhomwe, omwe adayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji m'zaka za m'ma 1890 pothawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Popeza adalibe malo awoawo, adalandira zilizonse zomwe eni maesiteti adalamula. Atsamunda ankawatchula dzina lonyoza lakuti Anguru, lomwe Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana nalo m'zaka za m'ma 1940.

Mu 1946, kafukufuku wa boma wotsogozedwa ndi Sir Sidney Abrahams adalangiza kuti boma ligule malo osalimidwa a m'maesiteti kuti pakhale anthu. Ntchitoyi idayenda pang'onopang'ono, ndipo thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Zipolowe za 1953

Mkwiyo wa anthu udaphulika mu Ogasiti 1953, mwezi womwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa. Chiyambi chake chidali chaching'ono: anthu ena adagwidwa pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza powaganizira kuti aba malalanje. Mphekesera itamveka kuti aphedwa, khamu lidasonkhana, misewu idatsekedwa ndi mitengo ndipo ntchito idaima m'maesiteti. Zipolowezo zidafalikira m'maboma ena a chigawo cha kummwera, ndipo anthu 11 adaphedwa. Izi zidachitika zaka zisanu ndi chimodzi asanafike mavuto a 1959 omwe dziko limakumbukira pa 3 Malichi.

Malamulo

Ku Makwasa kuli mishoni ya Malamulo, malo oyamba a mpingo wa Seventh-day Adventist m'dziko muno. Mpingowu udagula malowa mu 1902. Poyamba ankatchedwa Plainfield ndipo adali a mpingo wa Seventh Day Baptist, womwe udabwera kudzera mwa Joseph Booth, yemwe adaphunzitsapo John Chilembwe. Mmishonale yemwe adayendetsa ntchitoyo m'zaka zoyamba adali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Dzina lakuti Malamulo limakumbutsa Malamulo Khumi a m'Baibulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, mishoniyi idatchuka pothandiza odwala khate, ndipo lero ili ndi chipatala komanso sukulu yophunzitsa anamwino ndi ogwira ntchito zachipatala.

Ndata

Mbiri yaposachedwa ili ku Ndata, komwe kuli manda otchedwa Mpumulo wa Bata. Mtsogoleri wachitatu wa dziko lino, Bingu wa Mutharika, adamwalira pa 5 Epulo 2012 ndipo adaikidwa kumeneku pa 23 mwezi womwewo, pafupi ndi mkazi wake Ethel yemwe adamwalira mu 2007. Pafupi pomwepo pali sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe idalandira ophunzira oyamba mu 2014.

Phiri ndi magule

Phiri la Thyolo lidali ndi nkhalango yowirira yomwe idapereka dzina kwa kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe. Mbali yaikulu ya nkhalangoyo idatha chifukwa anthu osowa minda adakwera nawo makasu mpaka pamwamba, ndipo gawo lina lomwe latsala lili m'malire a Satemwa. Njala ya malo yomwe idadya phirili ndi yomwe ija idayamba ndi zikalata za Johnston. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, ndipo m'zaka za m'ma 2000 mabanja ena adasamukira ku Machinga ndi Mangochi pansi pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo.

Chikhalidwe cha Alhomwe chidapirira zonsezi. Gule wa tchopa, yemwe amavinidwa popereka nsembe, pokondwerera zokolola kapena alenje akabwerako bwino, adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Kwa wofuna kukaona

Thyolo amafikika mosavuta pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe. Maesiteti ndi malo a eni ake, choncho ndi bwino kupempha chilolezo musanalowe. Pofika m'mudzi, mlendo ayambe wakaonekera kwa mfumu. Nyumba za azungu, mafakitale ndi matchalitchi zili chilili ndipo zimaoneka ndi maso, pomwe mbiri ya thangata ndi zipolowe za 1953 yatsalira kwambiri m'kamwa mwa okalamba. Yemwe adali ndi zaka 15 panthawi ya zipolowezo lero wapyola zaka 85. Aphunzitsi, ophunzira ndi nthambi ya boma yoona za malo a mbiri yakale ali ndi nthawi yochepa yoti akhale pansi ndi agogo amenewa n'kulemba zomwe adaona.