Kuchokera ku Chitsime cha M'dambo Kufika pa Mankhwala Osawola

Agogo athu a ku Kabudula ndi ku Nsaru ankaweruza madzi ndi maso. Amayi ankalawirira ku chitsime cha m'dambo, n'kukankha ndere ndi chikho, kutunga pang'onopang'ono kuopa kuvundula matope, kenako kusiya mtsuko pakona kuti zinyalala zidikhe. Madziwo akayera, ankamwedwa.

Mijigo ya Afridev itafala kuyambira m'ma 1980, azaumoyo anatiphunzitsa kuti madzi oyera amathanso kubisa matenda. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inatikumbutsa mowawa: wiritsani, thirani klorini, vindikirani ndowa.

Pamene ife tinkalimbana ndi tizilombo, kutsidya kwa nyanja kunkakula vuto lina. Mu 1938 Roy Plunkett wa kampani ya DuPont ku America anatulukira Teflon, yomwe imachititsa kuti dzira lisakakamire mu felempani. Mankhwala a mtundu umenewu, otchedwa PFAS, analowa m'majekete osalowa mvula, m'mapepala okulungira zakudya zamafuta ndi m'thovu lozimitsira moto. Sawola m'nthaka, ndipo ena amakhala m'magazi a munthu zaka zambiri. Ku Parkersburg, ku America komweko, ng'ombe za mlimi wina zomwe zinkamwa mumtsinje pafupi ndi dzala la fakitale ya DuPont zitayamba kufa, loya Rob Bilott anatengera nkhaniyo kukhoti mu 1999. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti PFOA, yomwe ili m'gulu la PFAS, ikukhudzana ndi khansa ya impso ndi matenda a chithokomiro. Pangano la mayiko la Stockholm, lomwe Malawi alimo, linaika malire pa PFOS, ya m'gulu lomweli, mu 2009, n'kuletsa PFOA mu 2019.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti zida zomwe tazolowera sizithandiza apa. Kuwiritsa sikuwachotsa, WaterGuard nayenso ayi. Zimene zimawachepetsa ndi sefa za makala okonzedwa mwapadera, osati a pambaula, ndipo mtengo wake si wa banja lodalira fodya ndi mtedza.

Pakadalipano katundu wokhala ndi mankhwalawa amatifika kudzera m'mabelo a kaunjika pa msika wa Namitete kapena Mpingu. Jekete ikatha imaponyedwa kudzala, mvula n'kumatsukira zonse pansi. Komiti ya mjigo yomwe imathamangitsa mbuzi ndi kuletsa chimbudzi pafupi, iyenera kuyang'ananso pamene pakumbidwa dzala, makamaka kumtunda kwa chitsime chosaya. Kukhitchini nako, felempani yokandikakandika ipume. Chiwaya chachitsulo chimakazinga mazira bwinobwino mukachipaka mafuta.