Chaka cha Kabandi Kathu ka Mabanjo

Anzanga amene tidaphunzira limodzi, ambiri mumakumbuka 1992 ngati chaka cha chilala ndi kalata ya Mabishopu. Ine ndimachikumbukanso ngati chaka cha kabandi kathu ka ku Ndirande.

Tidalipo anyamata asanu. Mu Januwale tidakhoma mabanjo awiri pogwiritsa ntchito zigubu za mafuta, matabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Babatoni tidakuta ndi chikopa cha ng'ombe. Mphunzitsi wathu adali wailesi ya MBC, pomwe tinkamvera banjo ya Alan Namoko ndi gitala ya malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adatisiya mu 1987.

Sitinkafuna kutchuka ayi. Mnzathu wotsogolera nyimbo adali pafupi kusiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Choncho Loweruka lililonse tinkayimba pamsika, chipewa chili pansi, anthu n'kumaponyamo matambala.

Mu Meyi, ogwira ntchito ku David Whitehead atanyanyala, mumzinda mudabuka chipolowe ndipo anthu adafa. Makolo adatiletsa kutuluka, mabanjo nagona kunsi kwa bedi milungu itatu. Nyengo ya maukwati itafika tidayembekeza zambiri, koma njala idachepetsa madyerero. Pena malipiro athu adali mbale ya nsima ya chimanga chachikasu basi.

Komabe pang'onopang'ono fizi idakwana, ndipo mnzathuyo adafika mpaka Fomu 4. Mvula itagwa mu Disembala, awiri adapita kumudzi kukalima, kabandi n'kuthera pomwepo.

Pamsonkhano wathu ukubwerawu ndidzanyamula banjo. Amene zala sizidaume, tidzakumane kumeneko.