Chida Chomva Miyala Pansi pa Mjigo

Mutu 1: Madzi ali pansi

Midzi yambiri ya m'boma la Ntcheu imamwa madzi a pa mjigo. Ku Nsipe, ku Kandeu, ku Kasinje ndi ku Senzani, amayi amalawirira ndi ndowa kukapopa. Koma mijigo siifanana. Wina umatulutsa madzi chaka chonse. Wina ukangofika mwezi wa Okutobala umalira zitsulo zokhazokha, madzi osatuluka.

Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala pansi. Nthaka ndi miyala zinasanjikizana ngati mphasa zoyala pamwamba pa zinzake. Pamwamba pali katondo kapena makande. M'munsi mwake muli dongo, mchenga kapena mwala wofumbutuka. Pansi penipeni pali thanthwe.

Dongo limamwa madzi koma limaumira nawo. Zimene zimapereka madzi ndi mchenga, timiyala, mwala wofumbutuka ndi ming'alu ya m'thanthwe. Kumtunda, cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, madzi amapezeka m'mwala wofumbutuka ndi m'ming'alu. Kuchigwa cha Bwanje amapezeka mumchenga umene mitsinje inakhala ikusiya kwa zaka zambirimbiri. Wokumba mjigo ayenera kudziwa pamene pathera dongo ndi pamene payambira mchenga.

Mutu 2: Mmene mijigo inafikira kuno

Makolo athu ankatunga madzi m'mitsinje, pa akasupe ndi m'zitsime za kudambo. Chilimwe chikakula ankafukula mchenga mumtsinje wouma.

Nthawi ya atsamunda, ntchito yofufuza miyala inali ndi ofesi yake ku Zomba. Mkulu wake kuyambira mu 1921 mpaka mu 1939 anali Frank Dixey. Ofesi imeneyi ndi imene inayamba kukumba zitsime zowaka ndi mijigo m'midzi m'zaka za m'ma 1930.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dzina la Ntcheu linamveka kutali pa nkhani ya madzi. Boma linasankha chigwa cha Livulezi kuti liyeserepo njira yatsopano yokumbira mijigo. Cholinga chinali chakuti mjigo umodzi uzithandiza anthu 250, ndipo mayi asamayende mtunda wopitirira mamita 500. M'dzenje ankaikamo mapaipi apulasitiki. Ena mwa mapaipiwo anali ndi timipata tolowera madzi.

Konko ku Livulezi anayesera pampu yotchedwa Maldev, yoti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha. Kenaka akatswiri anakaisula bwino ku Kenya, ndipo inakhala Afridev. Pampu imene mumapopa lero m'midzi yambiri ndi yomweyo.

Mutu 3: Maso a wokumba

Ngati munaonerapo chimakina chikukumba mjigo, munaona mnyamata wa fosholo ali pambali pa dzenje. Chitsulo chikamalowa pansi, iye amatapa zotuluka m'dzenjemo. Amaziunjika timilu timilu pa mzere. Kamulu koyamba ndi kofiira. Kotsatira ndi kotuwa, konanda m'manja. Patsogolo pamabwera kamchenga konyezimira, kenaka tizidutswa ta mwala wakuda.

Woyang'anira ntchito amatapa pa kamulu kalikonse. Amafikisa pakati pa zala, n'kulemba m'buku. Akatero amalamula kuti paipi ya timipata ikhale pakuti, yosabowola ikhale pakuti.

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo mijigo yambiri ya m'midzi imakumbidwa motero. Koma ili ndi vuto lake. Zotuluka m'dzenje zimasakanikirana pokwera. Dongo la pamwamba limagumukira pansi. Mchenga wochepa ukhoza kudutsa osaoneka. Paipi ya timipata ikalunjika pa dongo, mjigo umapereka madzi ochepa kapena amatope. N'chifukwa chake anthu anafunafuna chida choti chizilowa m'dzenje momwemo.

Mutu 4: Miyala imatulutsa cheza

Mu 1896, katswiri wa ku France, Henri Becquerel, anatulukira chinthu chodabwitsa. Mwala wokhala ndi yureniyamu unkatulutsa cheza wokha, popanda moto kapena dzuwa. Chezacho sichioneka ndi maso. Sichimveka fungo. Marie Curie ndi mwamuna wake Pierre anapitiriza kafukufukuyu, ndipo mu 1898 anapeza mtundu wina wa mchere wa m'miyala wotulutsa cheza champhamvu. Mu 1900, Paul Villard anapeza cheza chimene lero chimatchedwa gamma. Ichi chimatha kudutsa ngakhale chitsulo.

Pambuyo pake zinadziwika kuti pafupifupi mwala uliwonse umatulutsa cheza pang'ono. Chimachokera ku zinthu zitatu za m'nthaka: potaziyamu, thoriyamu ndi yureniyamu. Musaope. Cheza chochepa chimenechi takhala nacho chibadwire, pakuti chili m'dothi la m'munda ndi m'njerwa za nyumba zathu.

Mfundo yofunika ndi iyi: dongo limatulutsa cheza chochulukirapo, pamene mchenga woyera umatulutsa chochepa. Amene angawerenge chezacho akhoza kusiyanitsa dongo ndi mchenga osaziona.

Mutu 5: Chida chilowa m'dzenje

Oyamba kutsitsa chida choyezera miyala m'dzenje anali ofuna mafuta a pansi pa nthaka. Mu 1927, kampani ya abale awiri, Conrad ndi Marcel Schlumberger, inachita zimenezi ku Pechelbronn m'dziko la France. Chida chawo chinkayeza miyala ndi magetsi. Koma dzenje likavekedwa paipi yachitsulo, chidacho sichinkathandizanso.

Mu 1939, ku Oklahoma m'dziko la America, kunabwera chida chowerenga cheza cha gamma. Ichi chinkamva miyala ngakhale kuseri kwa paipi. Zitsime zakale za mafuta zinayamba kuyezedwanso. Mu 1941, katswiri wa ku Italy, Bruno Pontecorvo, anapanga chida china choyeza mipata ya m'miyala, momwe mumakhala madzi kapena mafuta. Patapita nthawi, ofuna madzi, malasha ndi miyala ya mtengo wapatali anatengera nzeru yomweyo.

Mutu 6: Mmene chidachi chimagwirira ntchito

Chida cha gamma ndi kachitsulo kowonda, kotalika mita imodzi kapena iwiri. Amakamangirira ku chingwe chokhala ndi waya wa magetsi m'kati. Chingwecho chimakulungidwa pa gudumu limene limawerenga mamita.

Amakatsitsa mpaka pansi pa dzenje, kenaka n'kumakakoka pang'onopang'ono. M'kati mwake muli kamwala konga galasi. Cheza chikakagunda, kamathwanima. Chidacho chimawerenga kuthwanimako n'kutumiza nambala pamwamba. Kale nambalazo zinkalembedwa pa pepala lalitali. Masiku ano zimaoneka pa kompyuta.

Chimene katswiri amaona ndi mzere wokhotakhota wotsika m'munsi. Mzere ukapatukira kumanja, cheza chachuluka. Ukabwerera kumanzere, cheza chachepa. M'chigwa chonga cha Bwanje, kumanja kumatanthauza dongo, kumanzere mchenga. Pamenepo amadziwa kuti paipi ya timipata ikhale pa mamita akuti mpaka akuti.

Kumtunda nkhani imasintha pang'ono. Thanthwe lina lili ndi potaziyamu wambiri, ndiye limakweza nambala ngakhale si dongo. N'chifukwa chake katswiri wabwino sataya timilu ta mnyamata wa fosholo tija. Amaika mzere wa chida pambali pa zolemba za wokumba, n'kuwerenga zonse pamodzi.

Chida chimenechi sichitulutsa cheza. Chimangomva chimene miyala ikutulutsa. Sichiwononga madzi, ndipo chikatuluka m'dzenje sichisiyamo kanthu.

Mutu 7: Zida zofunika kusamala

Pali zida zina zimene zimanyamula cheza chawochawo. China chimawalitsa gamma pa mwala n'kuwerenga chobwerera. Chikabwerera chochepa, mwalawo ndi wolemera ndi wothinana. Chikabwerera chambiri, mwalawo ndi wopepuka, wa mipata. China ndi chija cha Pontecorvo, chimene chimasonyeza pamene mwala wasunga madzi ambiri.

Zida zimenezi zimagwira ntchito makamaka m'migodi ndi m'zitsime za mafuta. Kachitsulo kotulutsa chezako ndi kakang'ono, koma ndi koopsa. Amakasunga m'chibokosi cholemera chokhoma. Pa bokosilo pamakhala chizindikiro cha mapiko atatu akuda pa mtundu wachikasu.

Mu 1987, ku Goiânia m'dziko la Brazil, anthu otola zitsulo zakale anatenga makina okhala ndi kachitsulo kotulutsa cheza m'chipatala chosiyidwa. Anawaphwanya, napeza ufa wowala. Anagawana ndi abale awo poyesa kuti ndi chuma. Anthu anayi anamwalira ndipo ena ambiri anadwala. Mukapeza chitsulo cha chizindikiro chimenechi, musachigwire, musachiphwanye, musachigulitse. Chotsani ana, dziwitsani amfumu ndi apolisi.

Mutu 8: Kuno ku Malawi

Ku Kayelekera m'boma la Karonga kuli mwala wa yureniyamu. Unapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mgodi wake unatsegulidwa mu 2009. Pofufuza malowa, akatswiri anabowola maenje ambiri n'kutsitsamo chida cha gamma. Pamene pali yureniyamu wambiri, mzere umathamangira kumanja kwambiri. Mwa njira imeneyi anadziwa kuya kwa mwalawo ndi kuchuluka kwake.

Ambiri mukukumbukira ndege za Kauniuni zimene zinkauluka m'munsi kwambiri. Ntchito imeneyi inayamba mu 2013, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2015. Zina mwa zida za m'ndegemo zinkawerenga cheza chomwechi kuchokera m'mwamba, kuti boma lidziwe miyala ya dziko lonse.

Dziko lathu lili ndi lamulo loyang'anira zinthu zotulutsa cheza, limene linakhazikitsidwa mu 2011. Bungwe loona za lamuloli ndi Atomic Energy Regulatory Authority. Munthu saloledwa kusunga kapena kunyamula zinthu zotere popanda chilolezo.

Mafunso okambirana

1. Kodi mjigo wa m'mudzi mwanu ndi wakuya mamita angati?
2. N'chifukwa chiyani paipi ya timipata siyenera kulunjika pa dongo?
3. Kodi chida chomva cheza chimasiyana bwanji ndi chida chonyamula cheza?
4. Mungatani mutapeza chitsulo cha chizindikiro cha mapiko atatu?

Mawu kwa a komiti ya mjigo

Kaya okumba abwera ndi chida cha gamma, kaya adalira timilu ta pa fosholo, mjigo uliwonse uyenera kukhala ndi mbiri yake yolembedwa. Mbiriyo imanena kuya kwa dzenje, miyala imene anadutsa, pamene anapeza madzi ndi pamene anaika mapaipi a timipata. Mjigo ukadzavuta, mmisiri amayambira pamenepo, salota.

Inu amayi ndi abambo a m'komiti, tsopano mukutha kuwerenga. Okumba asanapakire katundu wawo, pemphani pepala la mbiri ya mjigo wanu. Liwerengeni pamaso pa amfumu ndi anthu onse. Lisungeni pouma, pamodzi ndi buku la ndalama za mjigo, ndipo onetsetsani kuti a ofesi ya zamadzi pa boma pa Ntcheu ali nalo lawo.