Za Anzeru Amene Anadzayesa Cakudya Cathu

M'caka ca 1938 Boma linatuma Dr. B. S. Platt kudzafunafuna za cakudya ca anthu a m'Nyasaland, ngati cikwanira kulimbitsa thupi. Iye sanagwira nchitoyi yekha, koma pamodzi ndi wodziwa za ulimi, wodziwa za zakudya, ndi Margaret Read, amene anaphunzira miyambo ya Angoni. Anasankha midzi itatu m'dziko la Kota Kota, limene Nchisi inali mbali yace: wina kumapiri, wina pamatsitso, wina kunyanja.

Sing'anga anaona matupi, wa ulimi anayesa minda, winayo anayesa ufa ndi ndiwo pasikelo. Koma sikelo siinena cifukwa cace nkhokwe yacepa. Ici acidziwa iye wofunsa za amuna opita ku Halale, ndi za akazi otsala okha ndi khasu.

Tsono Platt ndi Read sanamvana, nkhondo ya 1939 inadodometsa nchito, ndipo zolemba zao zinakhala zosasindikizidwa kufikira 1992. Inu anyamata ndi asungwana akuphunzira, taonani: kusonkhanitsa anzeru nkwapafupi, koma ngati samverana, zimene anazipeza sizifika kwa eni midzi.